Maluwa a Dona, Ndiwo za Apongozi

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, makamaka iwe Agnesi, amene ukabwera kuno sulola munthu kuwodzera pakhonde. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga musandifunse, panalibe chachilendo. Ndinkasambira, kuba mango ndi kukwapulidwa monga mwana aliyense wa kunyanja. Ine ndine munthu wa maluwa. Ndabzala mitengo ku Nkhunga, ndasamalira bwalo la nyumba ya alendo ku Dwambazi, koma mtima wanga unatsala kumunda wa boma ku Kota Kota, kumene ndinayambira ntchito, ndiponso kumene agogo anu a ku Chia anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito chifukwa chondikonda.

Nkhondo itangotha

Ndinalowa ntchito nkhondo yachiwiri ya Ajeremani itangotha, asilikali akubwerera kwawo ndi nsapato zazikulu ndi nkhani zazikulu kuposa nsapatozo. Sukulu ya mishoni ndinali nditaisiyira panjira, koma Chizungu chopemphera madzi akumwa ndinali nacho. Kuseri kwa maofesi a boma, potsetserekera kunyanja, kunali munda wa maluwa umene anauyamba bwana Disi wina wakalekale. Anthu ankautcha Kumabenchi, chifukwa cha mabenchi a mlombwa amene anali pansi pa mitengo ya mango. Kapitawo wake anali Che Sudi, Msilamu wamfupi wa tindevu ta mbuzi, munthu amene sankaseka yekha koma ankaseketsa aliyense. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti, "Iwe ndiye Barnaba wofuna ntchito ya maluwa? Nawa maluwa ako." Anandipatsa madebe awiri a parafini ndi mtengo wopingasa paphewa.

Abale inu, nyanja yonse ija ili pompo, koma madzi ake sadziwa kukwera mtunda okha. Tinkatunga kugombe n'kukwera nawo, kutsika, kukweranso, mpaka phewa langa lamanja linachita chikumba chimene ndili nacho mpaka lero. Zida kunalibe. Kheni yothirira inali imodzi, yobooka pansi, ndipo tinkaimata ndi phula. Wilibala inali ya gudumu la mtengo, ikamayenda inkalira ngati mwana wa mbuzi. Paipi yothirira ankati anaiitanitsa kale, ili pa sitima. Sitima ikafika, ife maso tong'o kudoko, koma paipi osatsika. Che Sudi ankangopukusa mutu. "Walahi, sitima imeneyi inadya paipi yathu. Taona mmene yanenepera."

Patapita nthawi kunabwera Disi watsopano amene tinamutcha Bwana Chipewa, chifukwa panalibe munthu anaonapo pamutu pake. M'ofesi chipewa, pakhonde chipewa, ena ankati amagona nacho. Sanali wankhanza, koma akanena mawu ankawakhomera ngati msomali. Mkazi wake tinamutcha Dona Kakowa. Anali wamtali, wakhosi lalitali, wovala zoyera, ndipo ankayenda pang'onopang'ono m'mabedi mutu uli pansi ngati kakowa wofuna tinsomba m'mpunga. Mayi ameneyu maluwa ankawakonda kwenikweni. Ankagwada m'dothi yekha, ndipo ndiye anandiphunzitsa kudulira, kulumikiza nthambi ndi kusunga njere. Chinyanja chake chinali cha kukhitchini, Chizungu changa chinali cha kumadebe, koma tinkamvana.

Masiku amenewo munthu wakuda sankalowa Kumabenchi pokhapokha ali ndi khasu kapena debe. Anthu ankangoima kunja kwa mpanda n'kumasuzumira. Akwati ankabwera kudzapempha duwa limodzi kudzera pamwamba pa mpanda, ine n'kumawapatsa mobisa. Zinkandiwawa. Thukuta lathu, madzi a nyanja yathu, koma mabenchi akukhalidwa ndi abuluzi sabata yathunthu.

Njala itadutsa

Chaka cha njala chitadutsa, maondo a Che Sudi anakana mtunda. Anamuika pachipata kukhala mlonda, ukapitawo n'kugwera ine. Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, Monika wa ku Chia. Mwa mwambo ndikanayenera kukakhala kwawo pachikamwini, kulima mpunga wa apongozi, koma popeza ndinali ndi ntchito ndi nyumba kumalaini a boma, akuchikazi anandilola kumutenga chitengwa. Amene anavomereza komaliza anali apongozi anga aakazi, agogo anu. Dzina lawo mukulidziwa. Ine sindinalitchulepo ndi pakamwa panga, ndipo sindiyamba lero ndi cholembera.

Apa ndifotokoze, chifukwa inu a masiku ano mumapisa m'mbale imodzi ndi apongozi anu, n'kumaseka nawo mano onse pamtunda. Kalelo sizinali choncho. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankaopana. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kufunda nsalu kumutu n'kutembenuka. Mawu ankadzera mwa munthu wina. Sichinali chidani ayi, unali ulemu waukulu kuposa wina uliwonse. Kuwadzudzula pagulu ndiye sizinkaganizirika n'komwe.

Nditakhala kapitawo ndinalimba mtima n'kupempha Dona kuti chipata chizitsegulidwa kwa aliyense Lamulungu masana. Dona anakondwa, koma nkhani inayenera kukafika kwa mwini boma. Bwana Chipewa anandiitana pakhonde la ofesi.

"Barnaba, ukuti anthu ako sadzawononga?"

"Sadzawononga, bwana. Ndikuwadziwa."

"Chabwino. Chipata chitseguke. Koma tsiku limene bedi limodzi lidzawonongeke, chipata chidzatsekedwa, ndipo iwe udzatsalira kunja kwake. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Ha! Mukanaona Malamulungu amenewo. Akhristu ankabwera akachoka ku Misa, Asilamu atavala mikanjo yoyera, asodzi a Chitonga a kumpoto akulankhula mokweza ngati akuitanizana pamadzi, aphunzitsi atatsamiritsa njinga zawo pamango. Ana ankagubuduka pakapinga mpaka kuyera. Anyamata ndi atsikana ankakhala pabenchi limodzi, wina kunsonga iyi wina kunsonga iyo, n'kumayandikirana pang'onopang'ono. Maukwati ambiri a pa boma anayambira Kumabenchi, ena a iwo ine ndinkadziwa makolo asanadziwe. Ndipo panalibe wothyola ngakhale tsamba. Mwana akangotambasula dzanja, amayi osamudziwa n'komwe ankamukalipira, "Iwe! Ukufuna atitsekere?" Mundawo unasanduka wa tonse.

Chaka china Dona analandira kaphukusi ka njere kuchokera kwa mchemwali wake wa ku Indiya. Anazifesa yekha pabedi lozungulira limene linali pakati penipeni pa munda, ndipo anandiuza kuti zimenezi ndizo adzaonetse mkazi wa bwana wamkulu wa chigawo, amene ankayembekezeka kubwera pa sitima. Zitamera, ine ndi Che Sudi tinaima pabedipo n'kuyang'anana.

"Che Sudi, uyu si bonongwe?"

"Tseka pakamwa. Bonongwe wokwera sitima si bonongwe."

Atakula anakongola zedi. Masamba a kunsonga anali ofiira piriwiri, ena achikasu, a m'munsi obiriwira, ngati wina wawathira utoto. Komabe tsinde, kafungo ndi kaimidwe kake, aliyense wobadwa kuno akanalumbira kuti ndi ndiwo zija zimamera zokha pakhola la mbuzi.

Lamulungu lina la Seputembala

Inali nthawi ija mwera wasiya kuvuta ndipo kutentha kwenikweni kusanafike, nthawi imene mitengo imadzuka mvula isanaigwere. Kumapiri mitengo ya tsamba ndi mombo inali itavala masamba atsopano ofiira. Mango anali atabereka tizipatso ngati nsawawa, jakaranda atayala maluwa ake achibakuwa m'njira zonse, njuchi zili ng'ung'ung'u. Mundawo sunakongolepo choncho. Ndiye ndinamva kuti amayi a mpingo wa ku Chia abwera ku mishoni kuperekeza ana awo odzasanjikidwa manja, ndipo akatuluka m'tchalitchi adzera Kumabenchi asanakwere lole ya mpunga imene inawabweretsa. Apongozi anga anali m'gulumo. Kanali koyamba kuti aone ntchito ya mkamwini wawo.

Ndinasesa njira zonse ndekha, ndinavala kabudula ndi malaya a khaki ositidwa, ngakhale kutsitsi ndinapaka mafuta. Azungu anali atapita kumapiri kukacheza kwa anzawo. Amayiwo atalowa pachipata ndinakabisala kuseri kwa chitsamba cha maluwa aminga aja timati bugenivila, kuti ndiziona popanda kuoneka.

Mtima wanga unayera tsiku limenelo. Amayi aja ankayenda m'njira akugwira pakamwa. "Mayo ine! Koma zilipo!" Ena ananunkhiza maluwa n'kuyetsemula, anzawo kuwaseka. Wina anakhala pabenchi, n'kupinda mwendo ngati mzungu, n'kuitana, "Boyi, tiyi!" Onse anagwa nacho chiseko. Wina anafunsa Che Sudi, "Bambo, zonsezi palibe chodyedwa?" Che Sudi anati, "Palibe, amayi. Izi amadya ndi maso." Mayiyo anati, "Azungu ali ndi nthawi, eti!" Kenaka anakhala pakapinga, anamasula timaphukusi tawo ta chinangwa chophika ndi usipa wowamba, anadya, anaimba nyimbo ziwiri za m'tchalitchi. Amayi anu anacheza nawo pang'ono, koma iwe Agnesi unali wakhanda ndipo unayamba kulira monga umachitira mpaka pano ukafuna chinthu, choncho anabwerera nawe kunyumba. Ndinamva apongozi akuuza anzawo kuti, "Zonsezi ndi manja a mkamwini wanga." Ndinatupa ngati chule kuseri kwa minga kuja.

Atatha kudya anayamba kuzungulira mbali yotsala, mpaka anafika pabedi lozungulira. Apongozi anaima, manja m'chiuno. Anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kunong'oneza mnzawo. Kenaka anawerama. Zu! Duwa loyamba la Dona linazuka ndi mizu yomwe. Anakutumula dothi pabondo, n'kugwira lachiwiri.

Kalanga ine! Ndinatuluka m'minga muja osamva n'komwe kuti yanding'amba khutu. Ndinathamanga, koma nditayandikira ndinaima. Ndikanati chiyani? Kwa yani? Ndinatsokomola. Apongozi ataona khaki wanga m'mbali mwa diso, anafunda nsalu kumutu, anandifulatira mwaulemu wonse, n'kusunthira mbali ina ya bedi. Kumeneko anapitiriza kuzula, ndipo tsopano mofulumira. Ndinazungulira kuti mwina ndiime pakati pa iwo ndi maluwa. Iwo, pondipewa, anasunthiranso patsogolo, dzanja likuzula. Bedi lake lozungulira, ndiye tinkangotsatana, ine kumbuyo iwo kutsogolo, ngati gule wa chimtali. Ndinazindikira mochedwa kuti ndine amene ndikuwayendetsa bedi lonse.

Amayi ena anali atalowapo kale. Ndinayandikira mmodzi n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, chonde, amenewa ndi maluwa."

Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Tamumvani mkamwini wa ku Chia! Bonongwe duwa? Khalani phee, bambo, ife sitiuza munthu."

Sindinamvetse kuti sauza munthu chiyani. Kukweza mawu sindikanatha, chifukwa kukalipira gululo kukanakhala kukalipira apongozi anthu akuona. Ndinathamangira kuchipata, Che Sudi kulibe, wapita kukaswali. Ndinathamangira kumalaini kukatenga amayi anu. Mmene tinkafika, wefuwefu, lole inali italiza kale hutala ndipo fumbi lake linali likuthera kumsewu wa ku Chia. Bedi lija linali mbee, lopanda kanthu, dothi atalisalaza bwinobwino ndi manja, m'mbali atasesamo. Kunena zoona sindinaonepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo.

Lolemba lake ndi masiku otsatira

M'mawa mwake Dona anatsika kumunda monga mwa masiku onse. Atafika pabedi anaima. Sanakuwe, sanatukwane. Anakakhala pabenchi, manja pamiyendo, n'kumangoyang'ana dothilo. Bola akanandimenya mbama. Che Sudi anandikokera kuseri kwa mango.

"Unene kuti ndi mvuu. Yatuluka m'nyanja."

"Mvuu yozula bwinobwino, n'kusalaza, n'kusesa?"

"Ndiye unene kuti ndi mvuu ya ku mishoni, yophunzira."

Ngakhale tsiku loipa chotero anandiseketsa mdala ameneyo. Koma mesenjala anabwera kudzandiitana, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Bwana Chipewa anali pakhonde.

"Unalipo?"

"Ndinalipo, bwana."

"Unaona amene anachita?"

"Ndinaona."

"Unamuletsa?"

"Sindikanatha, bwana."

"Ndani?"

Ndinayang'ana pansi. "Ndikumudziwa, koma sindingamutchule."

Anafiira khosi lonse. Anati ndikamutchula, mesenjala akamutenga munthuyo, adzasesa bwalo la boma anthu akuona kuti ena atengerepo phunziro, ndipo nkhani idzathera pomwepo: chipata chotsegula, ntchito yanga ilipo. Ndikapanda kumutchula, pangano lathu ndikulidziwa. "Ganiza bwino. Mwezi ukatha, kapena dzina, kapena makiyi a nyumba." Tsiku lomwelo anakoleka unyolo ndi loko pachipata.

Ana anga, zaka zonse za ntchito yanga sindinakumanepo ndi chinthu cholemera ngati chimenechi. Mbali ina kunali munda umene ndinauthirira ndi phewa langa, nyumba, ndi chipata chimene ndinachipempha ndekha. Mbali ina kunali mayi amene anandibalira mkazi, atagwira tsache pabwalo la boma, mesenjala ataimirira pambali, ndipo womupereka n'kukhala mkamwini wake. Amayi anu anali kusinja nsinjiro pamene ndinawafotokozera. Anasiya munsi.

"Bambo a Agnesi, atchuleni. Amayi ndi olimba, kusesa amasesa tsiku lililonse."

"Kusesa kwawo ndi kusesetsedwa n'zosiyana."

"Nanga ntchito ikatha tikadya maluwa?"

"Tidzapita ku Chia. Ndikalima mpunga."

"Inu? Mpunga? Munthu woopa misundu?"

Ananena zoona, misundu ndimaiopa mpaka lero. Koma ndinali nditatsimikiza. Chimene chinandipweteka koposa chinali Lamulungu lotsatira. Anthu anabwera monga mwachizolowezi, atatchena, ana ali kutsogolo, n'kupeza loko. Anaima kunja kwa mpanda n'kumasuzumira, ndendende ngati kale lija. Palibe anandinena. Mphunzitsi wina wokalamba anangoti, "Tinazolowera msanga, kapitawo," n'kukwera njinga yake. Ndinakabisala m'kanyumba ka zida, ndipo ndinadziona wolakwira boma lonse.

Tsiku la dengu

Pakati pa sabata imeneyo, dzuwa litakwera, ndinali kuthirira pafupi ndi bedi lopanda kanthu lija, Dona ali chogwada akuyesa kubzalapo tina ndi tina kuti alendo asadzapeze dothi lokhalokha. Ndinamva Che Sudi akukangana ndi munthu kuchipata. Mawuwo ndinawazindikira, anali a apongozi. Amayi anu anali atatumiza uthenga ku Chia kudzera mwa ogulitsa nsomba, koma izi anandiululira patapita zaka. Apongozi anali atayenda wapansi kuchokera ku Chia, dengu lalikulu lili pamutu, lovundikira ndi masamba a nthochi. Che Sudi anawatsegulira kachipata ka antchito. Pambuyo pake ankati, "Ndikanatani? Mayi ameneyo akanadutsa ndi mpanda womwe."

Anayenda molunjika mpaka pamango wa pafupi ndi bedi, anatula dengu, anakhala pansi n'kutifulatira. Dona anatumiza mesenjala kukaitana mwamuna wake. Womasulira wa boma anali pa ulendo kumidzi, ndiye Bwana Chipewa atafika anandiloza. "Barnaba, masulira." Ndinamupempha kuti andilole kuima chofulatira. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma Dona anamugwira mkono. Choncho tinakhala chofulatirana, apongozi akuyang'ana tsinde la mango, ine ndikuyang'ana kunyanja, azungu ali pakati.

Apongozi sanalankhule kwa ine. Analankhula kwa mtengo.

"Iwe mtengo wa mango, uwauze azunguwa kuti wozula ndine. Asafune wina."

Ndinamasulira. Bwana anafunsa chifukwa chake.

"Uwauze kuti ndinayenda munda wonse, ndinaona ntchito yabwino, popanda ngakhale kaudzu. Ndiye ndikufika pakati penipeni, pamene diso la mwini munda limayambira, ndikupeza bonongwe wadzaza bedi lonse, mpaka wafiira ndi ukalamba. Ndinati, ogo, mwana wa eni wachulukidwa ntchito, apa waiwala kupalira. Azungu akabwera amuchotsa ntchito, mwana wanga avutika. Ndiye ndinauza anzanga kuti tiyeni timuchotsere manyazi msanga eni ake asanaone."

Apo m'pamene ndinamvetsa mawu aja akuti sitiuza munthu. Ndinamasulira. Dona anagwira pakamwa. Kenaka anafunsa kuti maluwa akewo anapita nawo kuti.

"Uwauze kuti maluwa awo akuluakuluwo tinadya. Kutaya ndiwo m'chilimwe n'tchimo."

Dona anatulutsa maso. "Anadya? Afunse, ankakoma bwanji?"

"Uwauze kuti ngofewa, saposa wathu, koma msuzi wake umafiira ngati mwazingira nkhuku. Ana anayamba athawa. Ukatendera bwino ndi nsinjiro, alibe vuto."

Dona Kakowa anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pakapinga, misozi ili chuchuchu, khosi lija likugwedera. Sindinamuonepo akuseka chotero. Apongozi anadikira kuti amalize, kenaka anatambasulira dzanja kumbuyo n'kuvundukula dengu. Munali mbande za bonongwe uja, zofiira ndi zachikasu, iliyonse ili ndi dothi lake lonyowa lakuda la ku Chia.

"Uwauze kuti ang'onoang'ono sindinaphike. Ndinawaokera kudimba kwanga, chifukwa nanenso ndinaona kuti ngokongola. Ndawabweza. Ngati pali kusesa, andipatse tsache ndisese lero lomwe, ndili ndi mpunga wondidikira. Koma chipata atsegule, anthu asavutike chifukwa cha nkhalamba imodzi."

Bwana Chipewa anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati mayiyu ndi mbale wanga, ndipo ndinati ndi amayi a mkazi wanga. Anafunsa ngati n'chifukwa chake sindinawaletse kapena kuwatchula. Ndinati inde, kwathu sizitheka. Pamenepo anachita chinthu chimene boma lonse linakamba mwezi wathunthu. Anavula chipewa n'kukanda pamutu. Dazi lake linali kung'anima ngati chipanda chatsopano, ndipo Che Sudi, amene ankasuzumira kuseri kwa mpanda, anamveka akuti, "Walahi!"

Chigamulo chinali chakuti mayiyo sasesa, loko achotsedwe, koma popeza bedi linawonongeka ine ndili pomwepo, ndibwerere kumadebe mpaka mvula yoyamba itagwa. Mawu ake anayenera kukhomeka penapake, ndiye anakhomeka paphewa langa. Sindinadandaule. Madebe ndi ine tinali abwenzi akale. Dona anawonjezera lake lamulo, kuti kunja kwa mpanda, pafupi ndi chipata, tilime bedi lalitali la bonongwe wamba loti aliyense azithyola. Anthu analitcha bedi la apongozi, ndipo ambiri othyolapo sankadziwa kuti apongozi ake a yani.

Bwana atabwerera ku ofesi, Dona anagwada n'kuyamba kuoka mbande zija. Apongozi anapinda nkhata yawo, anaimirira, koma sanachoke. Ankayang'anabe tsinde la mango. Anatsitsa mawu.

"Iwe mtengo, pali mawu ena. Awa si a azungu. Ndinkamva anthu akuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uwu ndinaugwira ine sunaterereke. Munthu wolola kutaya ntchito ndi nyumba kuti dzina langa lisamveke pabwalo la boma, ameneyo si mkamwini. Ameneyo ndi mwana wanga, ngati ndinam'bereka kumsana ndekha. Umuuze choncho."

Ndinaima chilili, nyanja ikusungunuka m'maso mwanga. Mayi anga ondibala anamwalira ndili wamng'ono, ndipo panalibe munthu ananditchulapo mwana wake kuchokera nthawi imeneyo. Ndinafuna kutembenuka, koma sindinatembenuke, ndipo mpaka tsiku limene tinakawaika ku Chia sitinayang'anane kumaso ngakhale kamodzi.

Dona anadzutsa mutu, manja ali dothi lokhalokha. "Barnaba, akuti chiyani?"

Ndinati, "Akuti maluwawa akufuna madzi, Dona."

Ndinanyamula madebe anga n'kutsetserekera kugombe, ndipo ndinalira njira yonse.